Mlatho Umene Ndinasainira

Ana anga Madalitso, Ireen ndi Pilirani, za ubwana wanga sindilemba, mulibe chachilendo. Pano ndikufuna kulemba za ntchito yanga ya ukapitawo wa zomangamanga, makamaka nkhani imodzi imene mwangoimva zidutswazidutswa, wina kwa azakhali ake, wina kwa anthu a m'minibasi. Mukundidziwa kuti ndine munthu wamantha. Amayi anu amati ndimakhoma chitseko kawiri ngati kuti poyambapo ndinakhoma cha eni ake. Ndikuvomera. Koma mantha amene ndilembe apa ndi ena, ndipo ndinawaputa ndekha.

Chaka chimene anabadwa Madalitso

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro a pamwezi ndinaipeza pa Boma pano, kwa kontirakitala wina, bwana Tembo. Anali munthu wamfupi wa mawu aakulu, wosadziwa kunong'ona ngakhale pamaliro. Ndinapita ndi satifiketi yanga ya zomangamanga itakulungidwa m'pulasitiki, ndipo iwo anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe anandiyang'anira ine. "Phiri," anatero, "njerwa aliyense amayala. Ine ndikulemba ntchito pepala ili, iwe uzingoliperekeza." Ndinaseka poyesa nthabwala, koma iwo sanaseke.

Sindinachedwe kumvetsa. Moyo wa kampani yomanga uli pa tenda. Boma likafuna kumanga sukulu, chipatala kapena mlatho, limalengeza m'nyuzipepala, ndipo aliyense wofuna ntchitoyo amakagula buku la malamulo ake, lonenepa ngati Baibulo la paguwa. Kenako pamakhala tsiku lokaona malo, makontirakitala onse pamodzi, aliyense akuyang'ana galimoto ya mnzake m'malo moyang'ana dothi. Mukabwerako mumakhala pansi kuwerengera simenti, zitsulo, miyala ndi kumene mchenga udzachokere, n'kulemba mtengo wanu. Mtengo wokha sukwanira. Mu envelopu mumalowanso kalata ya ku banki, zikalata za msonkho, mndandanda wa makina amene muli nawo, ntchito zimene munagwirapo kale, ndiponso mayina a anthu amene adzayang'anire ntchitoyo, aliyense ndi fotokope ya satifiketi yake komanso siginecha yake yovomera. Envelopuyo imamatidwa bwinobwino n'kukaponyedwa m'bokosi la maloko awiri nthawi ya 10 koloko isanakwane.

Ntchito yokaponya inali yanga, chifukwa bwana ankati wamantha sachedwa. Ndinkafika ku ofesi osesa asanamalize kusesa, envelopu ili m'kati mwa malaya. Tsiku lina ndinaona bambo wa ku Lilongwe amene tayala linamuphulikira pa Kamwendo. Analowa akuthamanga, tayi ali paphewa, wotchi ya pakhoma itadutsa ndi mphindi ziwiri zokha. Mlembi anali atamata kale pakamwa pa bokosi. Bamboyo anachonderera mpaka kugwada, osaphula kanthu. Anakakhala pakhonde envelopu ili pamiyendo, munthu wamkulu ndithu, misozi ili chuchuchu. Ndinamumvera chisoni, komanso ndinachita mantha kuona kuti ntchito ya masabata atatu ingafere pakhomo chotero.

Chimene buku la malamulo silinena ndi chakuti makampani ang'onoang'ono a kuno analibe zambiri mwa zinthu zimene bukulo linkafuna. Ndiye ankabwerekana. Giledala imodzi yokalamba yosalazira misewu, imene inkakhalira kugona pagalaja ina, papepala inali ya makampani anayi. Masatifiketi nawo ankayenda chimodzimodzi. Ndinkadziwa kapitawo wina amene papepala ankayang'anira ntchito zitatu tsiku limodzi, pamene mwini wakeyo ali kudimba kwake kuthirira tomato. Palibe ankaliona ngati tchimo, tinkangoti ndi kuthandizana. Ine ndinakhala zaka zambiri ndikukana kubwereketsa yanga, osati chifukwa cha chilungamo ayi, koma chifukwa choopa bwana Tembo.

Chaka chimene Ireen anali mu Sitandade 7, mwezi wa Meyi

Chinali chaka cha mavuto. Mafuta ankasowa, magalimoto akugona pamzere, simenti ikapezeka lero mawa yakwera mtengo, moti ena ankachita kukaisaka kutsidya, ku Chipata. M'nyuzipepala munatuluka ntchito ziwiri nthawi imodzi: midadada ya sukulu kumbali ya Guilleme, ndi mlatho waung'ono wa konkire pa mtsinje wina kumbali ya Chiosya. Ofesi imene inalengeza sinditchula, ndipo mtsinjewo mukuudziwa. Bwana Tembo analowa pa zonse ziwiri. Pasukulu analemba dzina langa, pamlatho analemba kapitawo mnzanga, koma kuwerengera zitsulo za mlathowo anandipatsa ine. Ndinakhala pa pulani ija masiku awiri, moti ndinkaidziwa ngati chikhato changa.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi kunabwera mlamu wanga Gelesomu Mbewe, mwamuna wa azakhali anu Esinati, mlongo wanga wamng'ono. Gelesomu ankagula mtedza m'midzi n'kumakagulitsa ku Lilongwe, ndipo chaka chimenecho anali atangolembetsa kampani yomanga. Anali munthu wosangalatsa, wa pakamwa potsekemera, ndipo ine ndinkamukonda. Anabwera ndi Esinati yemwe, atanyamula nkhuku.

"Alamu," anayamba Gelesomu, "tabwera kudzabwereka kanthu kakang'ono, kopepuka kuposa khasu."

"Ngati ndi wilibala, tayala lake linatha," ndinatero.

"Ayi, pepala lanu lija. Tingolijambula basi, lenilenilo silichoka m'nyumba muno. Ndikufuna ndiyese mwayi pa mlatho uja, koma akufuna kapitawo wa satifiketi."

"Nanga mukawina, pamlathopo adzaima ndani? Ine ndili ndi ntchito kwa a Tembo."

Anaseka mpaka kugwira pamimba. "Tiwine ife, alamu? Pali akuluakulu a ku Lilongwe pamenepa. Ife tikungofuna dzina lathu lizolowereke m'maofesimu."

Ndinayang'ana nkhuku ija. Ndiye Esinati analankhula motsitsa. "Achimwene, ndi dzina chabe. Kodi dzina limatha mukabwereketsa?"

Esinati ndinamulera ine bambo athu atamwalira, ndipo sindinamukanizepo kanthu. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa satifiketi m'sutikesi, n'kusaina fomu yonena kuti ine Lufeyo Phiri ndidzakhala pamlathopo tsiku lililonse mpaka ntchito itatha. Amayi anu anandiyang'ana, n'kupita kukamangirira nkhukuyo.

Tsiku lotsegula maenvelopu tinadzaza m'chipinda cha misonkhano. Mwambo wake ndi wakuti anthu awiri a makiyi amatsegula bokosi pamaso pa onse, mlembi n'kumawerenga mokweza dzina la kampani ndi mtengo wake, aliyense akulemba pakapepala. Mitengo ya mlatho inali yoyandikana, wa bwana Tembo uli chapakati. Atafika pa envelopu ya Gelesomu, mlembi anawerenga, anaima, anayandikitsa pepala kumaso, n'kuwerenganso. Mtengo wake unali wotsika kwambiri moti wina kumbuyo anaimba mluzu. Bwana Tembo anatembenukira kwa ine kuti anong'one, ndipo chipinda chonse chinamva: "Phiri, pamtengo umenewo zitsulo zokha sizikwana. Kodi ameneyu amanga ndi mapesi?" Anthu anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke nawo, chifukwa zitsulozo ndinawerengera ndine, ndipo dzina limene linali mu envelopu imeneyo linali langa.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti oyesa mapepala amutaya. Koma mapepala ake anali okwana, kapitawo wake anali wa satifiketi yabwino, ndipo anawalembera kalata yotsimikiza kuti mtengowo aukwanitsa. Patapita masabata angapo zotsatira zinatuluka. Bwana Tembo anapata sukulu, Gelesomu anapata mlatho.

Okutobala wa chaka chomwecho

Miyezi yonseyo pamlatho sindinapondepo. Ndinali kusukulu ija, ndikulimbana ndi njerwa zosapsa ndi malata ochedwa. Ndikakumana ndi Gelesomu ankati zonse zili bwino, wapeza mmisiri wodziwa ntchito. Ine sindinkafunsa zambiri, chifukwa ndinkaopa yankho.

Loweruka lina m'mawa anatulukira kwathu panjinga yamoto, fumbi lili mpaka m'nsidze. Anati tsiku limenelo athira konkire ya pamwamba, pamene pamadutsa magalimoto. Lamulo ndi lakuti konkire isanathiridwe, zitsulo ziyenera kuonedwa ndi kusainiridwa, chifukwa ikangothiridwa palibe adzazionenso. Woyendera ntchito wa ku ofesi analibe mafuta, ndipo anamuuza pafoni kuti kapitawo wolembedwa mu tenda akaona n'kusaina fomu, athire. "Ndiye kapitawoyo ndinu, alamu," anatero Gelesomu akumwetulira. "Ndi ulendo wa ola limodzi, masana mukhala mutabwerako."

Tinapeza pamtsinje pali anthu ngati pamsika. Amayi anali pamzere ndi ndowa za madzi, akuimba. Abambo anali ataunjika mchenga ndi miyala, makina osakanizira konkire akulira kale. Esinati anali pakhomo pa kanyumba kosungira simenti, makiyi ali m'chiuno, ndipo atandiona anakweza dzanja mokondwa. Ndinakwera pamatabwa ndi tepi yanga. Sindinafunikire n'kuitambasula komwe. Pulani inkafuna zitsulo za mamilimita 16, zotalikirana ngati kutambasula kwa chikhato. Zimene ndinapeza zinali za 10, zowonda ngati chala changa chaching'ono, ndipo pakati pake nsapato yanga inalowa yonse. Chitsulo chilichonse chachiwiri kunalibe. Ndinakhala pansi pamatabwa pomwepo.

Ndinamukokera Gelesomu kuseri kwa mulu wa miyala. "Alamu, ichi n'chiyani? Zitsulo zina zili kuti?"

Kumwetulira kunatha. "Kulibe zina. Zinakwera mtengo katatu chiyambire ntchito. Mmisiri wanga akuti izi zigwira, tingowonjezera simenti."

"Simenti siigwira ntchito ya chitsulo. Apa pakadutsa lole ya fodya, pansi pake pang'aluka. Ine sindisaina."

"Mukapanda kusaina, mundiuze chochita," anatero. "Ofesi ikamva, ntchito andilanda. Nyumba ija ndinaiika chikole ku banki, mlongo wanu akagona kuti? Ndipo akadzafunsa kuti kapitawo anali kuti miyezi yonseyi, muyankha chiyani? Fomu ija munasaina nokha, alamu. Inu ndi ine tikamangidwa limodzi."

Ndisanayankhe kunabwera mayi wina wachikulire, a Nachisale, wapampando wa komiti ya anthu a m'deralo yoyang'anira mlathowo. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Ndinu akapitawo aja? Takulandirani, bambo. Takhala tikumva dzina lanu lokha." Kenako analoza kutsidya, pamtengo wina wa mkuyu. "Dzinja lathali mwana wanga anachirira pamenepo, m'ngolo, mtsinje utadzaza. Chipatala chili tsidya lino. Khandalo silinakhale. Ndiye mukaona tikutunga madzi chonchi musadabwe, tikufuna mvula ipeze mlatho utauma."

Ndinayang'ana kumwamba. Mitambo inali itayamba kale kusonkhana chakumadzulo, kumbali ya Zambia. Ndinkadziwa mayendedwe a tenda: ntchito ikalandidwa, amayenera kulengezanso, kugulitsanso mabuku, kutsegulanso bokosi, ndipo anthu awa akanakhala madzinja awiri kapena atatu opanda mlatho. Ndikufuna mudziwe kuti mfundo imeneyi ndinaiganizira ndithu. Koma ndinganame ndikati ndi imene inandigonjetsa. Chimene chinandigonjetsa ndi mawu oti kumangidwa. Ndinadziona ndili pabwalo la milandu, bwana Tembo akundiloza chala, amayi anu akugulitsa mandasi kuti Madalitso amalize sukulu.

Gelesomu anatulutsa fomu n'kuiyala pamsana pa njinga yamoto. Panali mzere wofunsa ngati zitsulo zili molingana ndi pulani. Ndinalemba kuti inde, ndinasaina, ndinaika tsiku. Siginecha ija inatuluka yokhotakhota ngati yabodza, koma inali yanga. Wilibala yoyamba itakhuthulidwa, amayi anaimba nthungululu. Ndinaima pamenepo mpaka chitsulo chomaliza chitakwiririka, chifukwa ndinkafuna kuonetsetsa kuti konkire yokhayo asakanize bwino. Esinati anabwera kudzandithokoza, ndipo ine ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Madzinja khumi ndi limodzi otsatira

Mlathowo sunagwe. Unapakidwa laimu, unatsegulidwa ndi magule, ndipo aliyense anauyamikira. Gelesomu anaujambula chithunzi n'kumachiika mu envelopu iliyonse, pamndandanda wa ntchito zimene anagwirapo kale. Mlatho umenewo unamupezera ntchito zina zingapo. Satifiketi yanga sindinamupatsenso, ndipo iye sanaipemphenso. Tikakumana pamaukwati tinkakamba za mpira ndi za feteleza.

Ine mtendere unandithawa. Mvula yoyamba ikagwa, anzanga akusangalala kuti adzala, ine chakudya chinkandikanika. Ndikamva pawailesi kuti mlatho wakokoloka kwinakwake, ndinkayandikira wailesiyo mpaka atatchula dera, ndipo akatchula boma lina ndinkapuma, kenako n'kuchita manyazi kuti ndakondwera ndi tsoka la anthu ena. Foni ikalira nambala yachilendo, ndinkayamba ndaiyang'ana kaye. Amayi anu anandiperekeza kuchipatala kawiri, ndipo adokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndichepetse mchere.

Chaka chilichonse mvula ikatha ndinkakwera njinga ndekha kupita kumtsinje kuja, kunyumba ndikunama kuti ndikukasaka mtedza wa mbewu. Ndinkatsikira kunsi kwa mlatho ngati munthu wofuna kudzithandiza, n'kuyang'ana kumwamba. Chaka chachitatu ndinaona mng'alu pakatikati, wowonda ngati tsitsi. Ndinalemba ndi pensulo pamene unathera. Chaka chachisanu unali utadutsa chizindikiro changa, ndipo chikhadabo chinkalowa. Chachisanu ndi chitatu munkalowa kamtengo ka machesi, m'mbali mwake mukutsika madzi a dzimbiri. Tsiku lina ndili kunsiko pamwamba panadutsa lole yodzaza mabelo a fodya. Ndinamva konkire ikulira, ndipo timiyala tinandigwera m'tsitsi. Ndinathawa chokwawa mpaka m'bango. Nditatuluka ndinapeza ana a sukulu akuwoloka, akuthamangitsana, wina atabereka mng'ono wake.

Kangapo konse ndinalemba kalata yopita ku ofesi. Imodzi ndinafika nayo mpaka pachipata, mlonda n'kundifunsa amene ndikumufuna, ine n'kunena kuti ndasokera. Bwana Tembo anamwalira osadziwa kanthu. Ntchito ndinapuma, anzanga anandipatsa wotchi ya pakhoma n'kunditcha kapitawo wosabisa cholakwika. Ndinailandira ndi manja awiri.

Chaka chatha, mwezi wa Sepitembala

Ireen atamaliza maphunziro a uphunzitsi anamutumiza kusukulu ya kutsidya kwa mtsinje womwewo. Sabata imene anayamba ntchito, Lolemba m'mawa, ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kupita ku ofesi ija. Ulendo uno mlonda atandifunsa ndinatchula amene ndikumufuna. Ndinapeza injiniya wachitsikana, msinkhu wa Madalitso. Ndinamufotokozera zonse kuyambira pa nkhuku ija. Anamvetsera osandidula, kenako anatuma munthu kukasaka faelo. Inapezeka madzulo, itadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Anatsegula pa fomu ija n'kuitembenuzira kwa ine.

"Bambo, siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga, mayi."

"Munaona zitsulozo musanasaine?"

"Ndinaziona."

Anatseka faelo ija n'kufunsa kuti, "Mukudziwa kuti pamenepo pamadutsa anthu angati patsiku?"

Ndinati sindinawawerengepo, koma ndimawadziwa nkhope.

M'mawa mwake tinapita limodzi. Anatsikira kunsi ndi kachipangizo kofufuzira zitsulo m'kati mwa konkire, ndipo kanapeza zimene ndinanena. Anaona zizindikiro zanga za pensulo, chaka ndi chaka, n'kupukusa mutu. Pasanathe sabata anaikapo zipilala ziwiri mbali iliyonse kuti lole kapena minibasi isadutse. Tsopano pamadutsa anthu apansi, njinga ndi ngolo zopepuka. Ndinamufunsa ngati zimenezo mlathowo ungapirire. Anati sangalonjeze, makamaka mtsinje ukadzaza, ndipo mlatho watsopano udikira kuti tenda ilengezedwe.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Dzina langa linafufutidwa m'kaundula wa akapitawo, ndipo andiuza kuti adzandiitananso kukapereka umboni, mwina pamaso pa apolisi. Kampani ya Gelesomu inaletsedwa kulowa pa tenda iliyonse. Alimi a kutsidya anakwiya, chifukwa mabelo awo tsopano amazungulira njira yaitali. Esinati sandipatsanso moni. Pamaliro a msuweni wathu m'dera la mfumu Zulu anandidutsa ngati chitsa, kenako anabwerera n'kungonena kuti, "Achimwene, munakhala chete zaka zonsezi kuti mudzatiphe titakalamba?" A Nachisale ali moyo, ndipo sindinalimbebe mtima kukaonana nawo.

Anthu ena akutchalitchi amandiyamikira kuti ndinalimba mtima. Musawamvere. Pali chinthu chimodzi chimene sindinauze injiniya uja, kapena amayi anu, ndipo ndi chimene chandilembetsa zonsezi.

Ireen, ukukumbukira Loweruka limene tinakuperekeza kusukulu kwako. Tinachita hayala lole yaing'ono, tinakweza bedi, matilesi, mipando, matumba awiri a chimanga ndi njinga yako. Iwe unakhala kutsogolo ndi dalaivala, ine ndinakhala kumbuyo pamatumba. Njira yonse ndinkadziuza kuti tikafika pamtsinje ndikuuza, titsitse katundu, tiwolotse pamutu. Titaona mlatho patali ndinamenya denga la lole, dalaivala anaima. Unasuzumira pawindo n'kufunsa kuti, "Bambo, kwagwanji?" Ndinatsika, ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka ndi chakuti miyendo yachita dzanzi, ndiwoloka wapansi. Unaseka, n'kunena kuti, "Ukalamba uwo, bambo. Tikudikirani kutsidya."

Lole inanyamuka. Ndinaima pamtunda ndikuyang'ana matayala akukwera pamlatho, ndikudziwa pamene pali mng'alu, ndikudziwa kukula kwa chitsulo chilichonse chimene chili pansi pako. Sindinakuwe. Inawoloka bwinobwino, ndipo unandikodola ndi dzanja uli kutsidya, ukusekabe.

Miyendo yanga inalibe dzanzi, mwana wanga. Ndinatsika chifukwa ndinkaopa kufa, ndipo iwe ndinakusiya m'lolemo.